Kodi galimoto yamagetsi kapena ya hybrid ingakufikitseni kutali kopanda anthu?

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinafika pa tchaja, makina othirira magetsi m'batire la galimoto yanga yamagetsi. Batire linkasonyeza 11 peresenti, ndipo pa mapu a pafoni malowo ankaoneka kuti akugwira ntchito. Ndinatsika, n'kukoka chingwe cholemera chija, n'kuchilowetsa m'galimoto. Sikirini ya makinawo inali bii. Ndinazula n'kulowetsanso. Zii. Mnyamata amene ankasesa pabwalopo anaima n'kutsamira tsache lake: "Pepani bambo, lero ndi tsiku lachitatu isakuyaka." Tchaja yotsatira inali pamtunda wa makilomita oposa 150, pomwe galimoto inkandiuza kuti yatsala ndi mphamvu ya makilomita 40 okha.

Usiku umenewo ndinagona pa nyumba ina ya alendo chapafupi. Mwiniwake anandilola kudutsitsa waya pawindo mpaka pa soketi ya m'chipinda, ndipo ndinadzuka kawiri kukakhudza pulagi, chifukwa inkatentha moti mtima sunkakhala m'malo. Kutacha batire linali lisanakwane, ndiye ndinadikira mpaka masana. Ulendo wa tsiku limodzi unatha masiku awiri.

Galimoto ija sinalakwe kanthu. Inayenda mtunda umene inalonjeza, mwakachetechete, ndipo mpaka lero ndimaikonda. Vuto linali funso limene ndinadzifunsa ndisananyamuke. Ndinkangoti, "Ikadzaza imayenda makilomita angati?" Ndikanayenera kufunsa kuti, "Mpata wautali kwambiri pamsewuwu ndi uti, ndipo ndikakapeza kuti chimene ndikudalira kumapeto kwake chafa, ndikatani?" M'tauni funso limeneli silivutitsa munthu, chifukwa pakakanika apa mumapita apo. Koma kutali, kumene mumayenda ola lathunthu osakumana ndi galimoto ina, ndi funso limeneli limene limasiyanitsa galimoto ndi inzake.

Chigubu ndi batire

Lita imodzi ya petulo imasunga mphamvu yofanana ndi mayuniti amagetsi pafupifupi 9, mayuniti omwe aja amawerengedwa pa mita ya m'nyumba, amene pa mapepala a galimoto amawalemba kuti kWh. Ya dizilo imafika pafupifupi 10. Choncho chigubu cha malita 20, chimene munthu amanyamula ndi dzanja limodzi, chili ndi mayuniti ngati 180. Injini imamwaza yambiri mwa mphamvuyi: imasanduka kutentha kotuluka pa radiyeta ndi ku ekizozi, ndipo yofika kumatayala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kawirikawiri osakwana n'komwe. Komabe yotsalayo ndi mayuniti ngati 60, ofanana ndi batire lonse la galimoto yamagetsi yapakatikati, batire lolemera makilogalamu 400 kapena kuposa.

Mota yamagetsi simwaza chonchi. Pa mayuniti 10 alionse, pafupifupi 9 amagwiradi ntchito, n'chifukwa chake m'tauni galimoto yamagetsi ilibe inzake. Koma mphamvu yake simungaithire m'chigubu n'kumangirira kumbuyo. Wa petulo akakayikira zakutsogolo amanyamula zigubu ziwiri n'kumapita. Wa magetsi amanyamula chidaliro choti makina amene sanawaonepo ndi maso akawapeza amoyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo tchaja ya pa mapu ndi fodya wapachala.

Galimoto yamagetsi yokhayokha

Nambala ya makilomita imene wogulitsa amakuuzani imachokera ku mayeso a m'chipinda choyezera. Ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyezo wa WLTP, ku America wa EPA, ku China wa CLTC. Wa EPA umayandikirako zenizeni, wa CLTC ndiye umakokomeza kwambiri. Mayeso onsewa amasakaniza kuyenda kwa m'tauni ndi kwa pamsewu waukulu, pomwe ulendo wautali ndi kuthamanga kokhakokha maola ambiri, ndipo kuthamanga ndiye mdani wa batire. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo sikula mofanana ndi liwiro: mukachoka pa makilomita 90 pa ola kufika pa 120, kukankha kwake kumawonjezeka ndi pafupifupi 78 peresenti. Galimoto ya petulo nayonso imamva zimenezi, kungoti ili ndi nkhokwe yaikulu yobisamo vutolo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti batire lanu ndi la mayuniti 60, ndipo pamsewu waukulu, muli ndi katundu ndi anthu, galimoto ikudya mayuniti 20 pa makilomita 100. Ndiye kuti ikadzaza thoo iyenda makilomita 300, ngakhale papepala analemba 400 ndi kanthu. Koma pa tchaja yothamanga simudzaza thoo, chifukwa batire likafika cha m'ma 80 peresenti limayamba kulandira magetsi pang'onopang'ono kuti lisawonongeke, moti gawo lomalizalo lingakudyereni nthawi yofanana ndi yonse yapitayo. Komanso simungakonde kufika ndi batire lochepera 10 peresenti. Pakati pa 80 ndi 10 pali mayuniti 42, omwe ndi makilomita 210. Nambala yoyendera ndi imeneyo, pafupifupi theka la ya papepala.

Pamenepo nyengo sinalankhulepo. Mu 2019 bungwe la oyendetsa magalimoto ku America la AAA linayesa magalimoto angapo amagetsi n'kupeza kuti kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, munthu n'kuyatsa chotenthetsera, mtunda umatsika ndi 41 peresenti. Kukatentha madigiri 35 n'kuyatsa choziziritsira, unatsika ndi 17 peresenti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: injini ya mafuta imapereka kutentha kwaulere, koma galimoto yamagetsi imakutenga m'batire lomwe lija likuyendetsa matayala. Magalimoto atsopano okhala ndi chotenthetsera chosadya magetsi ambiri chotchedwa heat pump amachitako bwino, koma vutolo silinatheretu. Mukamangirira katundu padenga, mtunda ukutsikanso. Mukakoka ngolo kapena kalavani, werengerani theka. Msewu wamchenga, wamatope kapena wa mabampu a fumbi nawonso umadya mphamvu kuposa wa phula.

Mapiri okha ndiye amaikomera. Kukweza galimoto ya matani awiri pachitunda cha mamita 1,000 kumafuna mayuniti opitirira 5 pamwamba pa amene ikanadya pachidikha, koma potsetsereka mota imasanduka jenereta n'kubweza gawo lalikulu m'batire, mabuleki ali ozizira. Komanso injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka, pomwe mota yamagetsi sipuma mpweya.

Tsopano kutchajako. Tchaja yothamanga imapereka makilowati 50 mpaka 350 kapena kuposa (kilowati imodzi kwa ola limodzi ndi yuniti imodzi). Hyundai amati Ioniq 5 imachoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'mphindi 18 ikapeza tchaja yamphamvu kwambiri, koma matchaja oterowo amakhala m'misewu ya anthu ambiri. Kutali mukapeza ya makilowati 50 muthokoze, ndipo mukhalepo pafupifupi ola. Pansi pake pali za makilowati 7 mpaka 22, zoyenera pamalo ogona. Pansi penipeni pali soketi wamba ya mavoti 230, yopereka makilowati 2.3: maola 10 a usiku amakupatsani makilomita ngati 100, ndipo kudzaza batire lonse la mayuniti 60 kumatenga tsiku lathunthu ndi maola ena. Kumayiko a mavoti 120, monga United States ndi Canada, soketi wamba imachedwa kuposa pamenepa.

Kupeza tchaja yamoyo sikutanthauza kuti mwapulumuka. Milomo ya matchaja ndi yosiyana: CCS2 ku Ulaya ndi ku Australia, CCS1 ndi NACS ya Tesla ku North America, GB/T ku China, CHAdeMO ku Japan. Amene mwagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera dziko lina, yang'anani mlomo wake musanayang'ane china chilichonse. Matchaja ambiri amafunanso pulogalamu ya pafoni kuti ayambe, ndipo kutali kopanda anthu n'kumenenso netiweki imasowa. Malo omwetsera mafuta amakhala ndi mapampu angapo ndi munthu wothandiza. Malo otchajira akutali nthawi zambiri amakhala ndi makina amodzi, opanda woyang'anira, ndipo mukapeza mnzanu walumikiza kale, ola lake liyambe latha ndiye lanu liyambe.

Chenjezo lina ndi la magalimoto akale. Nissan Leaf yoyamba, ya mu 2010, inali ndi batire la mayuniti 24 okha, ndipo batire la Leaf za m'zaka zimenezo siliziziritsidwa ndi madzi. Mukalitchaja mothamanga kawiri katatu patsiku lotentha limafunda, ndipo galimoto imachepetsa yokha liwiro la kutchaja. Ndi galimoto yabwino yopitira kuntchito. Musailowetse m'chipululu.

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti sizitheka, chifukwa zikutheka. Msewu wa Eyre Highway ku Australia, wodutsa chigwa chouma cha Nullarbor, ndi wautali makilomita oposa 1,600, ndipo pakati pa Balladonia ndi Caiguna pali chigawo cha makilomita 146.6 chopanda kona ngakhale imodzi. Malo opumira amatalikirana mpaka makilomita pafupifupi 190. Mu 2022 pa Caiguna anaikapo tchaja yothamanga yoyendera jenereta imene imamwa mafuta okazingira otha ntchito ochokera kukhitchini ya pamalopo. Boma la Western Australia nalo linaika matchaja pamalo 49 m'misewu yotalika makilomita pafupifupi 7,000. Lero anthu wamba amadutsa Nullarbor pa magetsi. Taonani kuti chimene chinasintha kwambiri si galimoto ayi, koma msewu. Petulo nayenso anayamba chomwechi: mu 1888, Bertha Benz atayenda ulendo woyamba wautali wa pagalimoto kuchokera ku Mannheim kupita ku Pforzheim m'dziko la Germany, mafuta anakagula m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch, chifukwa malo omwetsera mafuta kunalibe.

Palinso mfundo ina imene okonda petulo amaiwala. Magetsi amapezeka malo ambiri kuposa mapampu. Wiebe Wakker wa ku Netherlands ananyamuka kwawo mu 2016 pa Volkswagen Golf yosinthidwa kukhala yamagetsi, n'kukafika ku Sydney mu 2019 atayenda makilomita pafupifupi 95,000 m'mayiko 33, akutchaja m'nyumba za anthu omulandira. Anafikadi, koma anali ndi zaka zitatu. Inu mwina muli ndi sabata imodzi ya tchuthi ndi ana awiri kumbuyo.

Ena amati adzanyamula sola. Sola imodzi ya mawati 400 imapereka mayuniti ngati 2 patsiku la dzuwa labwino, omwe ndi makilomita 10. Ena amati jenereta. Yaing'ono ya makilowati awiri imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola ikamagwira ntchito mwamphamvu, ndiye kuti malita 10 ndi usiku wonse wa phokoso kuti mupeze makilomita osakwana 100, pomwe hybrid, galimoto yokhala ndi injini ya mafuta komanso mota yamagetsi, ikanayenda mtunda womwewo ndi malita 6. Komanso zingwe zambiri zotchajira zimakana kugwira ntchito zikapanda kupeza waya wa earth, umene majenereta ang'onoang'ono ambiri alibe. Ngati mukuidalira, iyeseni pakhomo musananyamuke.

Mukafika kumene mukupita, galimoto yamagetsi imasangalatsa. Zina, monga Ioniq 5 yomweyi, zimatulutsa magetsi mpaka makilowati 3.6 oyatsira firiji, nyale ndi zophikira pamsasa. Mungagone m'kati choziziritsira chikuyenda usiku wonse popanda utsi. Kungoti yuniti iliyonse imene mwadya pamsasa ndi makilomita 5 amene mwachotsa pa ulendo wobwerera.

Dzina loti hybrid likubisa magalimoto anayi

Ogulitsa amamata dzinali pa magalimoto osiyana kwambiri, ndipo anthu ambiri agula china akuganiza kuti ndi china.

Yoyamba ndi mild hybrid, ya kabatire ka mavoti 48, monga imene Toyota anaika pa Hilux ya dizilo mu 2024. Singayende ndi magetsi okha. Kamota kake kamangothandiza ponyamuka ndi poliza injini. Pa ulendo wautali muiwerengere ngati galimoto ya mafuta basi.

Yachiwiri ndi hybrid yeniyeni yosatchaja, imene inayamba ndi Toyota Prius ku Japan mu 1997. Batire lake ndi laling'ono, la yuniti imodzi kapena awiri, ndipo limadzidzaza lokha kuchokera ku injini ndi ku mabuleki. Simulumikiza pena paliponse. Mumathira petulo n'kumapita. Kwa ine iyi ndi imene imayankha bwino funso la mpata lija pamisewu yambiri yakutali, ndipo ndifotokoze chifukwa chake mosakokomeza.

Pamsewu waukulu hybrid sipulumutsa mafuta ngati m'tauni, chifukwa phindu lake lalikulu limachokera pa kuima ndi kunyamuka, ndipo kutali simuimaima. Komabe injini zake zimapangidwa kuti zizimwa pang'ono, moti zabwino kwambiri za Toyota zimasandutsa pafupifupi 40 peresenti ya mphamvu ya petulo kukhala ntchito. RAV4 ya hybrid ili ndi thanki ya malita 55, ndipo ikamamwa malita 6 pa makilomita 100, makilomita 800 amatheka musanayambe kuda nkhawa. Chigubu chimodzi cha malita 20 chikuwonjezerani ena oposa 300. Mukapeza kuti pamalo amene mumadalira mafuta atha, kapena mapampu sakugwira chifukwa magetsi azima, mumangodutsa n'kukamwetsa kutsogolo. Kutha kudutsa malo akufa osagwira njakata, chimenecho ndi chimene ulendo wakutali umafuna.

Anthu amaopa kuti galimoto ya mitima iwiri ili ndi zambiri zoti zingawonongeke. Pa hybrid za mtundu wa Toyota zili mosiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Zilibe sitata, zilibe alternator, zilibe kilatchi, ndipo m'malo mwa giyabokosi ya magiya ambiri muli kagulu kamodzi ka magiya ozungulirana ndi mamota awiri. Mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndi imene imagwira ntchito yambiri yochepetsa liwiro. N'chifukwa chake oyendetsa matakisi m'mizinda yambiri padziko lapansi anazikonda, anthu amene galimoto ikagona m'garaja tsiku limodzi ndiye kuti ataya ndalama.

Ili ndi malamulo ake awiri amene ndikupemphani muwasunge. Loyamba, musaithere mafuta. Injini yake imalizidwa ndi batire lalikulu lija, ndipo mukaumirira kuyenda ndi magetsi petulo atatha, batirelo likaphwa, ngakhale mutathira thanki yodzaza injini silira, ndipo kukankha sikuthandiza. Lachiwiri ndi fumbi. Batire la hybrid zambiri limaziziritsidwa ndi mpweya wa m'kati mwa galimoto, wolowera pa kabowo ka mawangamawanga m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Tsiku lina nditayenda maola angapo m'fumbi, ndinamva kafani kakumbuyoko kakulira mosalekeza. Nditasuzumira ndinapeza chikwama chatseka kabowoko, ndipo kasefa kake kanali katamatirira fumbi ngati bulangeti. Ndinakachotsa, n'kukakutumula, n'kusuntha chikwamacho, phokoso n'kutha. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma batire likamafunda chonchi kwa miyezi limakalamba msanga.

Dziwaninso kuti hybrid zambiri zolembedwa AWD, kutanthauza kuti matayala onse anayi amakoka, zimayendetsa matayala akumbuyo ndi kamota kamagetsi kokha, kopanda shafti yochokera ku injini. Pamsewu woterera kapena wa miyala ing'onoing'ono zimagwira bwino. Mumchenga wakuya wa makilomita ambiri, kapena pokwera miyala, sizingafanane ndi galimoto yokhala ndi magiya otsika a 4x4.

Yachitatu ndi plug-in hybrid, yokhala ndi thanki komanso batire lotchaja. Chevrolet Volt inatuluka mu 2010, Mitsubishi Outlander PHEV mu 2013, ndipo RAV4 yamtunduwu imene inatuluka mu 2020 ili ndi batire la mayuniti 18.1, lokwana makilomita ngati 70 popanda kuliza injini. Papepala imaoneka ngati yankho la zonse. Pa ulendo wa makilomita 700 patsiku, magetsi aja amatha ola loyamba lisanakwane, ndipo tsiku lonselo mukuyendetsa hybrid wamba imene yasenza makilogalamu 200 kapena 300 owonjezera. Zina thanki yake anaichepetsa kuti batire lipeze malo, choncho funsani kukula kwa thanki, musangomvera za batire. Nambala zake za mafuta nazo musazikhulupirire: mu 2024 European Commission, nthambi ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, itaunika zimene makompyuta a m'magalimoto analemba pamsewu, inapeza kuti ma plug-in hybrid ankatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi wa pamayeso, makamaka chifukwa eni ake sawatchaja kawirikawiri.

Komabe sindikuitaya. Ili ndi zitseko ziwiri. Kukasowa petulo, soketi wamba imadzaza batire lake usiku umodzi n'kukupatsani makilomita 50 kapena 60 okafikira pampu ina. Kukasowa magetsi, simutekeseka. Mapikapu atsopano monga BYD Shark, ya mu 2024, yokhala ndi batire la mayuniti pafupifupi 30, ndi Ford Ranger PHEV ya mu 2025, amathanso kupereka magetsi pamsasa kapena pamalo antchito. Ngati miyezi khumi ndi umodzi mumayenda maulendo afupiafupi ndipo muli ndi potchajira pakhomo, n'kumapita kutali kamodzi kapena kawiri pachaka, iyi ndi galimoto yanu. Ngati mulibe potchajira, mukulipira batire loti muzingolinyamula.

Yachinayi ndi imene matayala ake amayendetsedwa ndi mota yokha, injini ili ya kupanga magetsi basi. Nissan e-Power, yoyamba mu 2016, sitchajidwa, choncho kwa wapaulendo ili ngati hybrid wamba. BMW i3 yokhala ndi kainjini kothandizira inali ndi thanki ya malita 9 okha, yongokufikitsani pa tchaja, osati yodutsira chipululu.

Nanga dizilo?

Pali misewu imene mpaka pano ndi yake. Canning Stock Route ku Australia ndi makilomita pafupifupi 1,850 a milu ya mchenga. Pa Dalton Highway ku Alaska, pakati pa Coldfoot ndi Deadhorse pali makilomita oposa 380 opanda pomwetsera mafuta, ndipo nyengo yozizira kumeneko si yamasewera. Kokoka ngolo yolemera, kowoloka mitsinje, kofuna thanki ya malita oposa 100, 4x4 ya dizilo ikadali patsogolo. Koma dizilo wamakono si uja ankakonzedwa ndi sipanala ndi waya pansi pa mtengo. Ali ndi sefa ya utsi ya DPF imene imatsekeka, ambiri amafuna mankhwala amadzi oyeretsera utsi otchedwa AdBlue, ndipo mapampu ake salola mafuta akuda kapena osakanikirana ndi madzi. Amene amanyoza hybrid kuti yadzaza makompyuta atsegule boneti ya dizilo watsopano aone.

Ikafera panjira

Apa magalimoto amagetsi ndi a hybrid amafanana zambiri, ndipo zimene zimawagwetsa kawirikawiri ndi zazing'ono.

Pafupifupi onse ali ndi batire laling'ono la mavoti 12, longa la galimoto ina iliyonse. Limeneli ndi limene limadzutsa makompyuta ndi kulumikiza batire lalikulu. Likafa, galimoto siyaka ngakhale lalikulu litadzaza thoo. Kabatire konyamula m'manja kodzutsira galimoto kamathetsa vutoli m'mphindi ziwiri, ndipo sindinyamuka popanda iko.

Ambiri amabwera opanda tayala la sipeya, ali ndi kabotolo ka zomatira ndi kapampu basi. Mwala ukang'amba tayala m'mbali, kabotoloko kalibe ntchito. Galimoto yamagetsi ndi yolemeranso, choncho matayala ake amavutika kwambiri pamiyala. Gulani sipeya yeniyeni ndi jeke yokwana kulemera kwake, ndipo dziwani malo oikapo jekeyo, chifukwa mukaiika pansi pa batire mwadziputira tsoka. Batire la galimoto yamagetsi limayala pansi ponse, ndipo mwala umodzi wogunda mwamphamvu ungawononge chinthu chodula kuposa china chilichonse pagalimotopo. Pamadzi, n'zoona kuti ilibe injini yoti imwe madzi, koma musapitirire kuya kumene opanga analemba m'buku lake.

Ambiri sakokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala ali pansi, chifukwa mota imazungulira n'kumapanga magetsi opanda kopita. Amafuna lole yowanyamula pamsana, ndipo kutali lole yotero imachedwa kubwera. Makaniko wapanjira angakukonzereni matayala, mabuleki, masipuling'i, ngakhale injini ya hybrid. Koma mawaya a mtundu wa olenji asawakhudze munthu wosaphunzira ntchitoyo, chifukwa mumadutsa mavoti 200 mpaka 800, okwana kupha munthu.

Ndiye mutenge iti?

Tengani mapu, lembani malo onse othira mafuta ndi onse otchajira, ndipo yezani mipata yake. Kenako fufutani malo amodzi, amene ali pakati pa mipata iwiri italiitali, ngati kuti mwawapeza atafa, n'kuyezanso. Mtunda watsopanowo ndi umene galimoto yanu iyenera kukwanitsa, kapena payenera kukhala pogona pokhala ndi soketi, inuyo n'kukhala ndi tsiku lapadera loti lingatayike.

Pamsewu wa phula wokhala ndi matchaja othamanga pa makilomita 150 alionse kapena kucheperapo, tengani yamagetsi ya batire la mayuniti 70 kapena kuposa, ndipo mudzafika osatopa kwambiri, chifukwa kulibe phokoso ndipo kuima pafupipafupi kumapumitsa thupi. Pamene matchaja atalikirana makilomita 200 kapena kuposa, ndipo palipo amodziamodzi, yamagetsi ndi ya munthu amene ali ndi nthawi, wopanda mwana wakhanda kapena wodwala m'galimoto, wokonzeka kuyenda pa 80 kapena 90 m'malo mwa 120. Pamene kulibiretu matchaja koma msewu ndi wa phula kapena wafumbi wosamalidwa, ine ndimatenga hybrid yosatchaja, ndi chigubu chimodzi. Plug-in ndimailangiza kwa amene akufuna galimoto imodzi ya zonse ndipo adzaitchajadi pakhomo. Mchenga wakuya, mitsinje ndi ngolo zolemera ndimazisiyira dizilo.

Ulendo ukakhala wa yamagetsi, dzulo lake ndimaimba foni pamalo alionse amene ndikudalira, kapena pa nyumba ya alendo yoyandikana nawo, n'kufunsa ngati munthu watchajapo sabata imeneyo. Ndimafunsanso ngati ali ndi soketi yamphamvu, ya mtundu wa zija zowotcherera zitsulo, ndi ngati magetsi awo amayaka usiku wonse kapena amazimitsa jenereta pogona. M'buti mumakhala chingwe chotchajira pa soketi wamba, waya wautali wochindikala amene ndimautambasula wonse kuti usatenthe, ma adapter a milomo yosiyana, ndi madzi akumwa a masiku awiri. Pamalo pamene palibe woyankha foni, pa mapu anga ndimalembapo kuti palibe tchaja.